Kukopera mafayilo pa terminal: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene wayamba kuphunzira Linux kapena kulemba mapulogalamu amafika tsiku limene amauzidwa kuti atsegule terminal, kasikirini kakuda kaja kopanda chodina. Ntchito yoyamba imene ambiri amapatsidwa ndi kukopera fayilo kuchoka mu foda ina kupita mu ina. Lamulo lake ndi la zilembo ziwiri zokha, `cp`, koma limagwetsa anthu ulesi tsiku loyamba lomwelo. Kawirikawiri lamulolo silikhala ndi mlandu. Chimene chimasokoneza munthu ndi kusadziwa pomwe waima ndi kumene akuloza.

Ndivutikirenji ndi kutayipa malamulo pomwe ndikhoza kukopera ndi mausi?

Ngati mukukopera chithunzi chimodzi pa laputopu yanu, gwiritsani ntchito mausi, palibe wokudzudzulani. Koma makompyuta ambiri amene amasunga mawebusaiti sakhala ndi zenera lodinapo. Mumalowamo muli kutali kudzera pa SSH, ndipo chimene mumapeza ndi mawu okhaokha. Komanso lamulo limodzi likhoza kusankha zithunzi zonse pakati pa mafayilo zikwizikwi, ndipo mukhoza kulisunga n'kudzaligwiritsanso ntchito mawa. Lamulo la `cp` linalipo kale mu Unix yoyamba ya 1971, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie ankapanga ku Bell Labs ku America, ndipo mpaka lero likugwira ntchito pa Linux ndi pa macOS. Mukaliphunzira kamodzi, silikutherani ntchito msanga.

Kodi path ndi chiyani kwenikweni?

Path ndi njira yolembedwa imene imauza kompyuta mafoda oti idutsemo kuti ifike pa fayilo. Pa Linux mafoda onse amachokera pa foda imodzi yaikulu yotchedwa root, imene imalembedwa ndi chizindikiro chimodzi, `/`. Mukaona `/home/wophunzira/maphunziro/lipoti.txt`, werengani kuchokera kumanzere: yambani pa root, lowani mu `home`, kenako mu `wophunzira`, kenako mu `maphunziro`, ndipo mupeza fayilo yotchedwa `lipoti.txt`. Slash yoyambirira ndi root yeniyeniyo, pomwe zotsatirazo zimangolekanitsa mayina. Mawu akuti foda ndi directory akunena chinthu chimodzi. Pa terminal mudzamva kwambiri lachiwirilo.

Ndimamva za absolute path ndi relative path. Zimasiyana pati?

Absolute path imayambira pa root, choncho nthawi zonse imayamba ndi `/`. Imaloza malo omwewo kaya mwaima pati. Relative path siyamba ndi `/`, ndipo kompyuta imaiwerenga kuyambira mu foda imene mulimo pa nthawiyo. Zili ngati mmene timalondolerana njira: munthu akakuuzani kuti "mukadutsa pachigayo mukhotere kumanzere, nyumba yachitatu," mukafika pokhapokha ngati mwanyamukira pomwe iye akuganiza kuti muli. Mukanyamukira kwina, mawu omwewo akakufikitsani pakhomo pa eni ake. Mukakhala mu `/home/wophunzira`, kulemba `maphunziro/lipoti.txt` kukufikitsani pa fayilo ija. Mukakhala mu `/tmp`, mawu omwewo akafunafuna `/tmp/maphunziro/lipoti.txt`, imene kulibe. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku relative path imapeputsa zala, koma mu script, fayilo ya malamulo imene idzayendetsedwe inu kulibe, ndi bwino kulemba njira yonse.

Ndingadziwe bwanji pomwe ndaima?

Tayipani `pwd`. Terminal iliyonse imene mwatsegula imakhala itaima mu foda inayake, ndipo `pwd` amakulemberani njira yonse ya fodayo. Lamulo la `ls` limaonetsa zimene zili m'menemo, pomwe `cd` amakusamutsirani kwina. Pali zizindikiro zitatu zofunika kuziloweza. Kadontho kamodzi, `.`, ndi foda imene mulimo. Timadontho tiwiri, `..`, ndi foda imene ili pamwamba pake. Chizindikiro cha `~` ndi foda yanu ya kunyumba, monga `/home/wophunzira`. Choncho `cp ~/Downloads/fomu.pdf .` akutanthauza kuti tenga fomu ku Downloads, ubwere nayo pano. Ambiri amaiwala kadontho kotsirizako poganiza kuti ndi mpumiro chabe, ndiye `cp` amadandaula kuti sanauzidwe kopita. Langizo langa kwa oyamba kumene ndi lakuti musanakopere chilichonse, yambani mwatayipa `pwd` ndi `ls`. Zikuoneka zachibwana, koma theka la mavuto limathera pomwepo.

Nanga lamulo la cp lenilenilo limalembedwa bwanji?

Mumayamba ndi chimene mukukopera, n'kumaliza ndi kumene chikupita: `cp lipoti.txt zosunga/`. Mukhoza kutchula mafayilo angapo, koma lotsiriza liyenera kukhala foda: `cp lipoti.txt fomu.pdf zosunga/`. Pamene pamagona nkhani ndi pa dzina lotsirizalo, chifukwa `cp` amalitanthauzira molingana ndi zimene wapeza. Ngati `zosunga` ndi foda imene ilipo, fayilo ilowa m'kati mwake ndi dzina lake lomwelo. Ngati kulibe chilichonse cha dzina limenelo ndipo mwalemba `cp lipoti.txt zosunga` popanda slash, `cp` sakupangirani foda ayi. Apanga fayilo yatsopano yotchedwa `zosunga` yokhala ndi mawu a mu lipoti lanu. Mukapitiriza ndi `cp fomu.pdf zosunga`, fomuyo ifufuta kope la lipoti lija, ndipo inu muzikhala mukuganiza kuti mafayilo awiri ali mu foda pomwe foda kulibe n'komwe. N'chifukwa chake ndimakonda kuika slash kumapeto kwa dzina la foda yopitako. Ikakhala kuti kulibe, `cp` amakana m'malo mongopanga zake. Foda mumaipanga ndi `mkdir`, ndipo `mkdir -p zosunga/2024/januwale` amapanga mafoda onse atatu nthawi imodzi.

Kompyuta ikuti "No such file or directory" pomwe fayiloyo ndikuiona ndi maso anga. Chavuta n'chiyani?

Ili ndiye funso limene limabwera kwambiri, ndipo fayilo siikhala itasowa. Choyamba onani ngati mwaima mu foda yoyenera, chifukwa zenera limene mukuonamo fayiloyo ndi terminal yanu zikhoza kukhala m'malo awiri osiyana. Chachiwiri ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Pa Linux `Lipoti.txt` ndi `lipoti.txt` ndi mafayilo awiri osiyana, ndipo `downloads` si `Downloads`. Windows ndi macOS, mmene zimabwerera kuchokera kufakitale, sizisiyanitsa zimenezi, choncho amene anazolowera kumeneko amapunthwa kwambiri apa.

Kenako pali mipata m'mayina. Terminal imagwiritsa ntchito mpata polekanitsa zinthu, ndiye mukalemba `cp lipoti la chaka.docx zosunga/`, imaona mafayilo atatu: `lipoti`, `la` ndi `chaka.docx`. Idandaula katatu, kamodzi pa dzina lililonse. Mankhwala ake ndi kutsekera dzinalo m'zizindikiro zogwira mawu, `cp "lipoti la chaka.docx" zosunga/`, kapena kuika backslash, `\`, patsogolo pa mpata uliwonse. Palinso mchira wa dzina: Windows imabisa `.txt` kapena `.docx`, moti fayilo imene mumaidziwa kuti `lipoti.txt` ikhoza kukhala `lipoti.txt.txt`. Zonsezi mukhoza kuzipewa ndi batani la Tab. Tayipani zilembo ziwiri kapena zitatu zoyambirira za dzina, dinani Tab, ndipo terminal imaliza yokha, mipata ndi zilembo zazikulu zomwe. Ikapanda kumaliza, mwina pali mayina angapo oyamba chimodzimodzi, ndipo kudina Tab kachiwiri kumawaonetsa. Ikapanda kuonetsa kanthu, dziwani kuti njira yanu yalakwika musanadine n'komwe Enter.

Werenganinso uthengawo bwinobwino. Ukanena kuti "cannot stat", chimene sichikupezeka ndi chokoperedwacho. Ukanena kuti "cannot create regular file", vuto lili kumene mukupititsako.

Ndikufuna kukopera foda yonse, koma cp akukana. Nditani?

Onjezani `-r`, amene amauza `cp` kuti alowe mu foda ndi m'mafoda onse a m'kati mwake: `cp -r zithunzi zosunga`. Popanda iye, Linux imangoti "omitting directory" n'kusiya. Koma chenjerani, lamulo limeneli limachita zinthu ziwiri zosiyana. Ngati `zosunga` kulibe, lipanga foda ya dzina limenelo yokhala ndi zimene zinali mu `zithunzi`. Mukalibwereza mawa, `zosunga` ilipo tsopano, ndiye lipanga `zosunga/zithunzi` m'kati mwake. Umu ndi mmene anthu amapezekera ndi zithunzi za ukwati ziwiriziwiri, foda m'kati mwa foda, disiki n'kudzaza osadziwa chadzazitsa. Ngati mukufuna za m'kati zokha, osati foda yeniyeniyo, lembani `cp -r zithunzi/. zosunga/`.

Kodi nyenyezi ija, `*`, imatenga mafayilo onse?

Ayi, ngakhale ambiri amakhulupirira choncho. Nyenyezi imaimira zilembo zilizonse, moti `cp *.jpg zosunga/` atenga fayilo iliyonse yothera ndi `.jpg`, koma asiya zothera ndi `.JPG`, zimene makamera ambiri amapanga. Komanso nyenyezi payokha imadumpha mafayilo obisika, amene mayina awo amayamba ndi kadontho, monga `.env` kapena `.git`. Munthu akakopera pulojekiti yake ndi `cp -r pulojekiti/* kwina/`, mbiri yonse ya pulojekitiyo imene Git amasunga mu `.git` imatsala, ndipo amadzazindikira pulogalamu itakana kuyenda. Obisikawo amaoneka ndi `ls -a`. Dziwaninso kuti amene amamasulira nyenyezi si `cp` koma shell, pulogalamu imene imalandira zimene mwatayipa, monga Bash. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuyesa kaye: `echo *.jpg` akulemberani mayina onse amene `cp` adzalandire.

Ndikakopera pamwamba pa fayilo imene inalipo kale, yakaleyo imapita ku Recycle Bin?

Siipita kulikonse, imangofufutika. `cp` safunsa, sachenjeza, ndipo alibe batani lobwerera m'mbuyo. Malamulo a Unix amakhala chete zinthu zikayenda, ndipo kwa `cp` kufufuta fayilo yakale ndi kuyenda bwino kwa ntchito. Ngozi yoopsa kwambiri ndi kusinthanitsa malo: mumafuna kusunga lipoti latsopano pa fulashi, koma mwayamba kulemba njira ya pa fulashi n'kumaliza ndi ya pa kompyuta, ndiye lakale lija lakwirira latsopano. Gwiritsani ntchito `cp -i` kuti azikufunsani asanafufute, kapena `cp -n` kuti asakhudze n'komwe fayilo imene ilipo kale. Mukaonjeza `-v`, amalemba dzina lililonse ndi kumene lapita. Ena amanyoza `-i` kuti ndi wa amantha. Ine ndimati mantha amenewo ndi abwino pa fayilo imene mulibe ina yake.

Bwanji pa Windows amalemba `C:\Users` ndi slash yopendekera kwina?

Ndi nkhani ya mbiri. MS-DOS yoyamba ya 1981 inalibe mafoda m'kati mwa mafoda, ndipo chizindikiro cha `/` chinali chitagwira kale ntchito ina, yoonjezera zosankha pa lamulo, monga `dir /w`. Pamene MS-DOS 2.0 inabweretsa mafoda mu 1983, Microsoft inatenga backslash, `\`, kukhala cholekanitsa, ndipo Windows inatengera pomwepo. Kusiyana kwina n'kwakuti Windows ilibe root imodzi: disiki iliyonse ili ndi chilembo chake. Zilembo za A ndi B zinali za ma floppy disk, n'chifukwa chake disiki yaikulu imatchedwa C mpaka lero.

Mu Command Prompt lamulo lake ndi `copy`, monga `copy lipoti.txt D:\zosunga\`, koma silikopera mafoda a m'kati. Pa ntchito imeneyo pali `xcopy`, kapena `robocopy` amene wakhala akubwera ndi Windows kuyambira pa Vista: `robocopy C:\zithunzi D:\zosunga /E`. Samalani ndi `/MIR`, chifukwa amafufuta kopitako chilichonse chimene kochokerako kulibe. Mu PowerShell mukhoza kutayipa `cp`, koma ndi dzina lina chabe la `Copy-Item`, choncho zosankha za Linux monga `-a` sizigwira. Amene akugwiritsa ntchito Linux m'kati mwa Windows kudzera pa WSL amapeza disiki ya C pa `/mnt/c`, pomwe mu Git Bash ili pa `/c`. Windows ilinso ndi malire akale a zilembo 260 pa njira yonse, amene mapulogalamu ambiri amawatsatabe, moti mafoda akalowana kwambiri kukopera kumalephera.

Fulashi yanga ndiipeza kuti pa Linux, poti kulibe D kapena E?

Imalumikizidwa ngati foda pansi pa root yomweyo. Pa Ubuntu imaoneka pa `/media/`, kenako dzina lanu lolowera, kenako dzina la fulashiyo, monga `/media/wophunzira/KINGSTON`. Pa macOS ili pansi pa `/Volumes`. Lamulo la `df -h` limaonetsa pomwe yalumikizidwa ndi malo otsala. Mukhoza kuonanso dzina ngati `/dev/sdb1`, koma musakopere kumeneko. Limenelo ndi chipangizo chenichenicho, ndipo kulembamo mwachindunji kumaononga zonse za pa fulashi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimadabwitsa anthu. Fulashi ikhoza kukhala ndi malo a 20 GB koma n'kukana filimu ya 5 GB ndi uthenga wakuti "File too large". Sikuti yaonongeka. Mafulashi ambiri amabwera ndi FAT32, imene siilola fayilo imodzi kufika 4 GB. Muyenera kuifomata kukhala exFAT kapena NTFS, mutayamba mwasunga za m'katimo kwina. China n'chakuti `cp` akamaliza, sizitanthauza kuti zonse zalembedwa pa fulashi. Linux imasunga zina mu memory n'kumazilemba pang'onopang'ono. Mukasolola fulashi nthawi yomweyo, mukapeza fayilo yoduka. Tayipani `sync`, dikirani amalize, kenako ichotseni ndi `umount` kapena Eject.

Ndikapeza "Permission denied", ndingoika sudo patsogolo basi?

Osathamanga. Uthengawo ukutanthauza kuti mulibe chilolezo chowerenga chokoperedwacho kapena cholemba kopitako, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi njira yolakwika. Munthu amafuna `~/zosunga` koma walemba `/zosunga`, ndiye akuyesa kulemba pa root, kumene munthu wamba saloledwa. Akaika `sudo`, lamulo liyenda ndithu, koma mafayilo apita kolakwika ndipo mwini wake akhala woyang'anira kompyuta yonse, amenenso amatchedwa root, moti mawa alephera kuwasintha. `sudo` ndi woyenera pamene mukufunadi kulemba m'malo a dongosolo la kompyuta, monga `/etc` kapena `/var/www`. Kwina konse, yambani mwaona ndi `ls -l` kuti foda ndi ya ndani.

Kodi mv ndi cp yemweyo wongofufuta choyambacho?

Zotsatira zake zimaoneka choncho, koma kagwiridwe kake n'kosiyana. Pa disiki imodzi, `mv` sasuntha chilichonse cha m'kati mwa fayilo. Amangosintha dzina ndi foda imene yalembedwamo. N'chifukwa chake fayilo ya 10 GB imasamuka m'kuphethira kwa diso, komanso n'chifukwa chake lamulo lomweli ndi limene timasinthira mayina. Pakati pa madisiki awiri m'pamene amakopera kaye n'kufufuta choyambacho. Nayenso amafufuta fayilo ya kopitako osafunsa, pokhapokha mutaika `-i`.

Ndakopera zithunzi, koma zonse zikuonetsa deti ya lero. Zakalezo zapita kuti?

`cp` amapanga fayilo yatsopano, choncho amaipatsa nthawi imene mwakopera ndipo mwini wake mumakhala inu. Kuti asunge nthawi ndi zilolezo zoyambirira, onjezani `-p`. Posunga foda yonse, `cp -a` ndiye wabwino, popeza amalowa m'mafoda onse, amasunga nthawi ndi zilolezo, komanso amasiya ma symbolic link, mafayilo ongoloza ku fayilo ina, ali ma link. Deti imene kamera inalemba m'kati mwa chithunzi siisintha. Imene yasintha ndi ya pa fayilo.

Nanga mafayilo ambirimbiri, kapena kutumiza ku kompyuta ina?

Apa `cp` amachepa mphamvu. Magetsi akazima muli pakati pokopera 80 GB, `cp` sadziwa pomwe analekeza. Gwiritsani ntchito `rsync`, amene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996. Iye amayerekeza mbali ziwirizo n'kutumiza zokhazo zimene zasintha kapena zikusowa, moti mukabwereza `rsync -av zithunzi/ /media/wophunzira/KINGSTON/zithunzi/` amadumpha zimene zinafika kale. Pa intaneti yogula ndi bandulo, zimenezi zimapulumutsa ndalama. Koma kwa `rsync` slash ya kumapeto kwa chokoperedwa ili ndi tanthauzo lalikulu: `zithunzi/` ndi za m'kati mwa foda, pomwe `zithunzi` ndi foda yeniyeniyo pamodzi ndi za m'kati. Mukakayika, onjezani `-n`, amene amaonetsa zimene zichitike osakhudza kanthu, makamaka musanayese `--delete`, amene amafufuta kopitako zimene kochokerako kulibe. Potumiza fayilo imodzi ku seva, `scp lipoti.txt dzina@seva:/home/dzina/` amakwanira. Musaiwale timadontho tiwiri toimirira pambuyo pa dzina la seva, chifukwa popanda ito `scp lipoti.txt dzina@seva` angokupangirani fayilo yotchedwa `dzina@seva` pa kompyuta yanu yomweyo.

Ndingatsimikize bwanji kuti zonse zafika bwino ndisanafufute zoyambazo?

Kuona mayina ndi `ls` sikokwanira, chifukwa fayilo yoduka imakhala ndi dzina lomwelo. Pa mafoda awiri tayipani `diff -r zithunzi zosunga`. Akangokhala chete, ndiye kuti zonse n'zofanana. Pakakhala chosowa kapena chosiyana, amachitchula. Pa fayilo imodzi pali `cmp`, ndipo ngati mafayilowo ali pa makompyuta awiri, yendetsani `sha256sum` mbali zonse n'kuyerekeza zilembo 64 zimene zituluke. Chilembo chimodzi chikasiyana, koperaninso, ndipo zoyambazo musazifufute mpaka zilembozo zitafanana.